Bokosi Lotsekedwa la ku Nazale

1. Pampu yakhala chete

Mwezi wa Okutobala ku mapiri a ku Ntchisi si mwezi wocheza nawo. Dzuwa limatuluka litakwiya kale, ndipo ikamakwana naini koloko nkhuku zimakhala zitayasamula pansi pa nkhokwe. Ndiye taganizani, mwezi umenewu ndi umene pampu ya Kalabu ya Tiyesenawo inasankha kukhala chete.

Kalabuyi inali ya alimi a fodya a m'mudzi wa Kalinda, kuseri kwa phiri ukamachokera ku Kasakula. Zaka ziwiri m'mbuyomo, kampani ina ya ku Lilongwe inawakumbira mjigo wakuya ndi kuikamo pampu yoyendera dzuwa. Inaimikanso thanki pansanja, ndipo pamtengo wachitsulo inakhomapo bokosi loyera. Bokosilo ndilo linali mutu wa zonse, chifukwa ndilo linkauza pampu nthawi yoyamba ndi yosiya. Kutsogolo kwake kunali kasikirini ngati ka foni, ndipo pachitseko chake panamatidwa kapepala kofiira koletsa kutsegula.

Madzi atayamba kutuluka pampope, anthu anaiwala chitsime chakale. Chinagumuka, ana n'kumatayamo zisononkho. Mabanja makumi atatu anasamutsira nazale zawo za fodya pafupi ndi thankiyo.

Pakati pa nazalezo panali mabedi atatu a aNankhoma, mayi wamasiye, ndi mwana wawo Tikondwe, mtsikana wa Folomu 3. Mbande zawo zinali zitatha milungu isanu, masamba ake ngati makutu a mbewa. Mbande za msinkhu umenewo sizimva za mawa. Zimafuna madzi m'mawa ndi madzulo, apo ayi zimagona osadzukanso. Ndipo zikafa mu Okutobala, nthawi yofesanso imakhala itapita. Mvula imabwera, anzako akuwokera, iwe uli chilili m'munda wopanda kanthu.

Lachiwiri m'mawa Tikondwe anafika ndi kheni yake yothirira, natsegula mpope. Munatuluka mpweya wokha, kenako kadontho kamodzi kofiira.

Anapeza atcheya a kalabu, bambo Langton Chimbalu, atagwada pansi pa bokosi akulumikiza batire. Bambowa anali ndi chizolowezi chawo. Madzulo aliwonse ankamasula batire lalikulu la bokosilo, n'kulimanga panjinga, n'kukaligoneka kunsi kwa bedi lawo poopa akuba. M'mawa ankalibweretsa. Anachita zimenezi zaka ziwiri osaphonya ngakhale tsiku la maliro, ndipo anthu ankawayamikira kuti ndi munthu wosamala.

"Mwadzuka bwanji, atcheya?"

"Ndadzuka, mwana wanga, koma chinthu chathu ndiye sichinadzuke. Ndalumikiza katatu, chikungondiyang'ana."

Anaimbira foni ku kampani anthu onse akumvetsera. Anayankha mtsikana wa mawu osalala, amene anapepesa kasanu osathandiza kamodzi. Anati amisiri onse ali ku Mzimba, ndipo ku Ntchisi adzafika pakatha milungu itatu.

"Milungu itatu, mayi?" anafunsa atcheya. "Mbande zimadikira milungu itatu?"

"Ndakumvani, bambo. Dandaulo lanu talilemba. Chachikulu musatsegule bokosilo."

2. Kambalame konenepa

Kuyambira tsiku limenelo mudzi wonse unalowera ku khwawa la Msambaimfa, kumene kunatsala kathamanda kamodzi pakati pa miyala. Kutsika kunali kosavuta. Koma kukwera ndi ndowa pamutu, abale inu, munthu ankafika pamwamba miyendo ikunjenjemera, madzi theka atathera pamsana. Ulendo umodzi unkadya ola lathunthu, ndipo bedi limodzi linkamwa ndowa zinayi osaonetsa n'komwe kuti lamwa.

ANankhoma ankadwala msana, komabe ankatsika kasanu pa tsiku. Tikondwe ankatsika kawiri asanapite kusukulu, n'kubwereranso akaweruka. Pofika Lachinayi kathamandako kanasanduka matope, ndipo amayi anayamba kukanganirana malo otungira. Anthu amene dzulo lake ankabwerekana mchere anayamba kukumbana mitundu.

Madzulo a Lachinayi lomwelo Tikondwe anatula ndowa pafupi ndi bokosi kuti apume. Atcheya anali akuyesanso mwayi wawo. Anachotsa waya, nabwezera, kasikirini n'kuyaka.

Tikondwe anayang'ana mwangozi chabe. Pakona ya kasikiriniko panaoneka kambalame konenepa, kakuda kumsana, koyera pamimba, katakhala chotambalala. Pansi pake panayamba kuthamanga mizere ya timalemba toyera.

"Atcheya, tabwerezani," anatero akuyandikira.

"Waona chiyani?"

"Kambalame aka ndimakadziwa. Kamatuluka pa makompyuta athu a kusukulu."

Sanali kunama. Kusukulu kwawo kunali makompyuta akale asanu ndi atatu, ndipo Tikondwe ndiye anali katswiri wa kalabu ya makompyuta. Anzake ankamuseka kuti adzakwatiwa ndi kiyibodi. Iye sankasamala, chifukwa pa makompyutawo m'pamene ankamva kuti akalamula chinthu chimamvera.

Atcheya anabwerezanso. Mizere itatha kuthamanga, panatsala uthenga wa m'Chingelezi. Tikondwe anauwerenga pang'onopang'ono. Unkanena kuti chilolezo chogwiritsira ntchito pampu sichinayambe kugwira ntchito. Pamwamba pake panali deti la tsikulo monga mmene bokosi linkadziwira: 1 Januwale 1970.

"Bokosili lasokonezeka mutu," anatero Tikondwe. "Likuganiza kuti tili mu 1970."

Atcheya anaseka koyamba sabata imeneyo. "1970 ine ndinali ndisanamere mano. Ndiye chitsulo ichi chikuti chinalipo?"

"Pampu sinafe ayi, atcheya. Wotchi yake ndiyo yabwerera m'mbuyo. Kungoiuza deti la lero, madzi atuluka."

"Ndiye iuze."

Tikondwe anayang'ana mbali zonse za bokosilo. Panalibe batani, panalibe poboola. Polowetsa kiyibodi panali m'kati, kuseri kwa chitseko chokhala ndi kapepala kofiira.

3. Mawu a Madamu Mbeza

Lachisanu pa nthawi yopuma Tikondwe anathamangira kwa Madamu Roza Mbeza, mphunzitsi woyang'anira makompyuta. Anafotokoza zonse mothamanga mpaka malovu kumutsamwa. Madamu anamukhazika pabenchi, namvetsera mpaka kumapeto.

"Waona bwino," anatero. "M'kati mwa bokosi lililonse lotere muli kabatire kakang'ono kozungulira ngati batani la jekete. Ntchito yake ndi kusunga nthawi magetsi akachoka. Ngati batire lalikulu limachotsedwa tsiku ndi tsiku, kakang'onoko kamagwira ntchito kokha mpaka kutha. Kakatha, wotchi imabwerera pamene makina amenewa amayambira kuwerenga, ndiye 1970 wakoyo."

"Ndiye ndikhoza kukonza, madamu. Lamulo losinthira deti ndimalidziwa. Munatiphunzitsa mu Folomu 2."

"Dikira, mwana iwe. Tamvera kaye bwinobwino. Kambalame waonako ndi chizindikiro cha Linux, pulogalamu yaikulu imene imadzutsa makina ndi kuwayendetsa. Sinalembedwe ndi kampani imodzi. Anailemba anthu zikwizikwi a m'maiko osiyanasiyana, ena pa ntchito, ena mongodzipereka, ndipo anagwirizana kuti aliyense akhoza kuitenga, kuiwerenga ndi kuikonza. N'chifukwa chake sukulu yosauka ngati yathu ili nayo. Makampani nawonso amaitenga, ndipo si kuba, n'kololedwa. Akaitenga amalembapo kapulogalamu kawo pamwamba, kawoko n'kukatseka kuti wina asakaone. Zili ngati njerwa zimene mudzi wonse waumba, munthu mmodzi n'kumangira nyumba yake, n'kukhomapo loko."

"Koma njerwazo n'zathu tonse."

"Njerwa inde, chitseko ayi. Pamenepa m'pamene ana anzeru ngati iwe mumagwera. Mukaona chinthu chimene mukuchidziwa mumayesa mwafika kwanu. Kuno ndinakupatsani mawu achinsinsi olowera chifukwa makompyutawa ndi athu. A bokosi lija sunawaone, sindinawaone, ndipo sindikhulupirira kuti kampani inasiya khomo lopanda loko. Ukadula kapepala kaja n'kulephera kulowa, udzakhala utawononga mgwirizano wa anthu makumi atatu popanda kupindulapo ngakhale kapu imodzi ya madzi. Safunsa anadya phula. Iwe wafunsa, ndipo ndakuyankha kuti usakhudze."

Tikondwe anawerama. "Nanga tichite chiyani?"

"Njira yowongoka ilipo. Malamulo a Linux amati amene wagulitsa chipangizo chokhala ndi pulogalamuyi ayenera kupereka zolemba za mbali yaulereyo akapemphedwa. Tilembera kalata kampaniyo. Tiwauza vuto lenileni, tiwapemphe zolembazo, tiwapemphenso kuti atiuze mawu olowera kapena atumize mmisiri msanga. Ndiitumiza lero lomwe pa foni yanga."

"Adzayankha liti?"

Madamu anali munthu wosakonda kunamiza ana.

"Sindikudziwa," anatero. "Mwina Lolemba, mwina mwezi wamawa. Makampani ena sayankha n'komwe."

Analemba kalatayo limodzi, naitumiza. Belu litalira Madamu anapita kukaphunzitsa, n'kumusiyira Tikondwe kiyi kuti atseke chipinda, monga ankachitira Lachisanu lililonse. Tikondwe anatseka mazenera. Kenako anaima pakona pamene panali kompyuta yakufa, natsegula kumbuyo kwake, nazula kabatire kozungulira. Anatenganso kiyibodi imodzi n'kuilowetsa m'chikwama pakati pa mabuku. Sanauze munthu.

4. Chenjezo la atcheya

Loweruka masana kalabu inakumana pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi thanki youma. Nkhope zonse zinali zakugwa. Mabedi a anthu ena anali atayamba kale kuchita dazi pakati.

Atcheya ananena kuti aimbanso kawiri, yankho n'lomwelo. Wina anati abwereke ngolo azikatunga ku Kasakula, koma ng'ombe za m'mudzimo zinali ziwiri zokha, zowonda ngati nkhuni. Wina anati afukule chitsime chakale, koma amene anayesa dzulo lake anakumba mpaka m'khosi osapeza ngakhale chinyontho.

Pamenepo Tikondwe anagwada n'kupempha kulankhula. Anafotokoza za wotchi, za 1970 ndi za kabatire. Anthu anatchera khutu, ndipo ena anayamba kugwedeza mitu movomera. Akanalekera pomwepo zikanakhala bwino. Koma mayi wina anafunsa chimene chinapha kabatireko, ndipo Tikondwe, pakamwa pa mwana posadziwa kukhota, anayankha mosabisa.

"Ndi chifukwa choti batire lalikulu limachotsedwa madzulo aliwonse."

Maso onse anatembenukira kwa atcheya. Bambo Chimbalu anavula chipewa, nachiyang'ana m'kati ngati muli yankho, nachivalanso. Zinawapweteka kwambiri, chifukwa zaka ziwiri ananyamula batirelo poganiza kuti akuteteza anzawo.

"Ndamva, mwana wanga," anatero potsiriza. "Ngati ndi ine ndapha chinthuchi, ndiye ndachipha pochisamala, ndipo Mulungu akudziwa. Koma tsopano undimvere nawenso. Tsiku limene a kampani anabwera, ine ndi amene ndinagwira cholembera. Pepala lija linati bokosi ndi lawo, ife tangobwereka ntchito yake. Linati kapepala kofiira kakadulidwa, iwo asamba m'manja, ndipo ali ndi ufulu wochotsa bokosi lawo. Anandiwerengera kawiri, m'Chingelezi ndi m'Chichewa. Khasu lobwereka silikhala kuguluka, ndipo likaguluka m'manja mwako mlandu ndi wako.

"Iwe unali usanabadwe pamene kalabu ya kutsidya inali ndi chigayo cha injini. Chinatsokomola pang'ono, mnyamata wina wodziwa njinga zamoto nati ndikonza. Anamasula, tizitsulo tinauluka m'udzu, eni ake atabwera anangoyang'ana n'kubwerera. Mpaka lero amayi a kutsidya amakagayitsa ku Kasakula. Mnyamatayo sanali woipa ayi, anali wachifundo ngati iweyo. Chifundo chopanda chilolezo chimasiya anthu pamtetete.

"Tikadikira, mwina titaya mbande za chaka chino. Zowawa, koma chaka chamawa madzi adzakhalapo. Tikatsegula n'kulephera, titaya mbande ndi pampu yomwe. Sukulu yakupatsa maso oona zimene ife sitiona, ndipo ndikuyamika. Koma chinthu cha gulu sachigwira munthu mmodzi chifukwa choti mtima wake wamuuza. Ine monga tcheya ndikuti bokosi lija lisakhudzidwe. Ndatha."

Amuna anawomba m'manja mwaulemu. Palibe amene anatsutsa, koma palibenso amene anapita kwawo atakondwa.

Panjira aNankhoma anamudzudzula mwana wawo motsitsa mawu.

"Iwe, munthu wamkulu samuvula pagulu chotero. Ukanapita kunyumba kwawo."

"Pepani, amayi. Anandifunsa."

"Si funso lililonse limene umayankha lonse."

5. Bedi loyamba

Lamulungu m'mamawa Tikondwe ndi mayi ake anapita kukaona nazale asanakonzekere za kutchalitchi. Bedi la kumtunda, limene linkapsa kwambiri ndi dzuwa la masana, linali litatha. Mbande zinagona pansi zitachita bulauni, ndipo Tikondwe atagwira imodzi inafumbutuka m'zala. Bedi lachiwiri linali litafota m'mbali. Lachitatu lokha ndilo linkaoneka ngati lili ndi moyo.

ANankhoma anakhala pansi pa mzere, natambasula miyendo. Sanalire mokweza. Anangoti misozi chuchuchu, manja ali pamiyendo.

"Bambo ako ankati fodya ndi mwana wakhanda," anatero. "Ine ndayesetsa, Tiko. Msanawu wakana. Kukhwawa kwatsala matope okha. Mvula ikagwa ndidzawokera chiyani?"

Tikondwe anawadzutsa, nawaperekeza kunyumba. Belu la tchalitchi litalira ananena kuti mutu ukumupweteka. Mayi ake anamuyang'ana nthawi yaitali, kenako anamanga duku n'kunyamuka okha.

Mudzi utakhala zii, Tikondwe anatulutsa kiyibodi ndi kabatire m'chikwama. Anatenganso sikuludiraiva ya malemu bambo ake imene inkakhala padenga. Anayenda mofulumira kudutsa m'minda youma.

Atcheya anali atalumikiza kale batire m'mawa, monga mwa masiku onse, ngakhale pampu sinkagwira. Kasikirini kanali koyaka, 1970 ali pomwepo.

Tikondwe anaima patsogolo pa bokosilo. Anayang'ana kumudzi, kunalibe munthu. Anayang'ana mabedi a mayi ake. Mawu a Madamu ndi a atcheya ankawakumbukira onse, palibe limene anaiwala. Koma wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Anaika nsonga ya sikuludiraiva pa kapepala kofiira n'kukoka.

Kanang'ambika mosavuta, ngati pepala la m'kope.

Anamasula misomali inayi, chitseko n'kutseguka. M'kati munali fumbi, ukonde wa kangaude, ndi kabolodi kobiriwira. Kabatire kanalimo, monga Madamu ananenera. Anakachotsa, naikapo katsopano. Anapeza polowetsa kiyibodi, nalowetsa. Kenako anachotsa waya wa batire lalikulu n'kubwezera.

Kambalame kanatuluka. Mizere inathamanga. Tikondwe anadina mabatani awiri amene amachotsa chithunzi cha pamwamba kuti munthu alankhule ndi makina enieni. Uthenga wa kampani unazimiririka, pakatsala sikirini yakuda ndi kamzere kothwanima, ndendende ngati kusukulu.

Anamwetulira yekha. Chimene chinatsala chinali mzere umodzi wokha, wosakwana mawu khumi, ndipo ankaudziwa pamtima.

6. Mawu amene analibe

Makina anamufunsa dzina lolowera. Analemba dzina limene woyang'anira wamkulu amalowera pa Linux iliyonse. Makina sanakane. Anangofunsa funso lachiwiri, mawu achinsinsi.

Tikondwe anadina batani osalemba kanthu, poganiza kuti mwina anasiya popanda. Anakana. Analemba dzina la kampani. Anakana. Analemba manambala kuyambira wani mpaka sikisi, monga amachitira aulesi ambiri. Anakana. Anayesa nambala yolembedwa kumbali kwa bokosi, anayesa dzina la mudzi, la kalabu, la boma. Thukuta linkagwera pa kiyibodi, iye n'kumapukuta ndi chitenje.

Atalephera kakhumi, makina analemba kuti wayesa mokwanira ndipo saloledwanso. Kamzere kothwanima kanazima. Pa kabolodi kobiriwira panayaka kagetsi kofiira kamene poyamba kanalibe.

Anachotsa waya, nabwezera. Kambalame kanatuluka, mizere inathamanga, kenako uthenga womwewo woti saloledwa. Anabwereza kasanu. Pomaliza anangokhala pansi pafumbi, kiyibodi ili pamiyendo. Zimene ankadziwa zinali zoona zonse. Vuto analipeza, mankhwala ake anali nawo m'mutu, koma pakati pa iye ndi madzi panaima mawu amodzi amene anali m'kabati ya munthu wina ku Lilongwe. Zinamuwawa koposa mmene akanamvera akanakhala wosadziwa kanthu.

Sanamve n'komwe kuti tchalitchi chaweruka. Anadzidzimuka ndi mawu a ana amene anamuona patali n'kuthamangira kumudzi akukuwa kuti Tikondwe watsegula bokosi. Posakhalitsa anthu anayamba kufika, akadali m'zovala za kutchalitchi. Anaima mozungulira, akuyang'ana chitseko chotseguka ndi kapepala kong'ambika kakulendewera.

Kenako anthu anapatuka. ANankhoma ankabwera chothamanga, dzanja limodzi litagwira msana, lina litanyamula kheni. Ana aja anali atawauza theka la nkhani, ndipo nkhope yawo inali yowala.

"Tiko, akuti wakonza? Nditchere pampope?"

Tikondwe anangopukusa mutu. Mayi ake anayang'ana mpope, nayang'ana mwana wawo, natula kheni pansi pang'onopang'ono kuti isachite phokoso.

Atcheya anafika pomaliza atavala jekete lawo la Lamulungu. Anthu ankayembekeza kuti akalipa. Sanakalipe, ndipo zimenezo zinali zopweteka kuposa mbama. Anangoyang'ana m'bokosimo, napumira m'mwamba.

"Walowa?" anafunsa.

"Ayi, atcheya. Andikaniza."

"Ndiye tataya zonse ziwiri."

Ali chiimire, foni inalira m'thumba la jekete. Anaitulutsa, naitalikitsa ndi maso, koma uthengawo unali wa m'Chingelezi. Anayang'ana uku ndi uku kufuna wowawerengera. Panalibe wina woposa Tikondwe, choncho anamupatsa iye yemweyo.

Tikondwe anaimirira, nawerenga akumasulira mzere ndi mzere. Bokosi linali litadziwitsa kampani lokha kuti latsegulidwa. Mgwirizano ndi Kalabu ya Tiyesenawo unali utaimitsidwa. Galimoto ya kampani inali kubwera mawa lake m'mawa kudzachotsa bokosi, ndipo tcheya ankayenera kuyankha uthengawo lero lomwelo ndi dzina la munthu amene watsegula.

"Mawa?" anatero bambo wina kumbuyo, mawu ake owawa. "Ndiye kuti njira ya kuno amaidziwa."

Palibe amene anaseka. Amayi ena anayamba kusisima, ena anamuyang'ana Tikondwe ndi maso oti akanakhala miyala akanamugenda nawo. ANankhoma anasendera pafupi ndi mwana wawo n'kumugwira pamkono.

"Atcheya," anatero motsitsa, "ndi mwana wa sukulu uyu. Chaka chamawa alemba mayeso."

"Ndikudziwa, aNankhoma."

"Lembani langa, atcheya," anatero Tikondwe. "Ndine ndadula. Munandiletsa."

Bambo Chimbalu analandira foni yawo. Anamuyang'ana mtsikanayo, nayang'ana batire lalikulu limene iwo eni anakhala akulichotsa zaka ziwiri, nayang'ananso mabedi amene ankapsa ndi dzuwa la masana. Kenako anatembenukira kumbali, naphimba sikirini ndi chikhatho, nayamba kulemba ndi chala chimodzi, chilembo chimodzichimodzi.

Tikondwe anayesa kusuzumira, koma sanaone dzina limene analemba. Foni inalira kusonyeza kuti uthenga wapita. Atcheya anaibweza m'thumba, nawerama kumasula batire.

"Mawa usapite kusukulu," anatero osamuyang'ana. "Seveni koloko undipeze pompano."